Mfutso wa m'nyanja yozizira

Ana inu, Takondwa ndi Yamikani, bwerani mukhale pano pamthunzi wa mtengo wa mapeyalawu. Iwe Yamikani, taya mwala uli m'manjawo, ndauona kale. Mapeyalawo sanakhwime.

Takondwa, dzana unandionetsa pa foni yako mayi wina wakunja, wa mano oyera ngati mpunga wopuntha kawiri, akunena kuti udzu wa m'nyanja umachiritsa chilichonse. Unati uwapempha amalume ako a Waisoni akutumizire kuchokera ku Kepitauni kuti nkhope yako isalale. Agogo ako aakazi atamva anangoseka n'kulowa m'nyumba, iwe n'kutsala wodabwa. Sankaseka iweyo ayi. Udzu umenewo unaphikidwapo m'khitchini yathuyi, ndipo unatsala pang'ono kutilanda agogo anuwo. Iwe unali usanayambe sukulu, Yamikani anali wa kumsana. Tsono ndati ndikuuzeni ndekha, musadzamve kwa anthu amene amaonjezera.

Koma nkhaniyi siyambira kunyanja. Imayambira pa mchere.

Inu mchere mumaudziwa wa m'kapulasitiki, woyera, wogula pa Songani, ndipo ukatayikira pansi simudandaula n'komwe. Ife tili ana mchere unali ulendo. Bambo anga ankanyamuka wapansi ndi anzawo kulowera ku Chilwa atasenza chimanga kapena nandolo, kukasinthanitsa ndi mchere umene anthu akumeneko ankasefa m'dothi n'kuuwiritsa mpaka madzi ataphwa. Unali wotuwa, wolumika kamchenga m'mano. Ukatha, amayi ankatentha zitsononkho za chimanga ndi makoko a nthochi, phulusalo n'kuliika m'kamphika kobooka pansi, n'kuthiramo madzi. Odontha pansiwo ndiye chidulo. Inu mumachidziwa cha m'therere basi, koma ife masiku ena chinali ndicho chokoleretsa ndiwo zonse. Wa m'sitolo unalipo ku Zomba, koma sunali wa masiku onse.

Chimene sitinkadziwa n'chakuti m'zakudya zathu munkasowa kanthu kena kakang'ono kwambiri kamene thupi limafuna, kamene achipatala amati ayodini. Kakasowa, khosi limatupa. Ndiye chithokomiro chija. M'munsi mwa phiri muno amayi ambiri anali nacho, mwakuti sitinkachiyesanso matenda. Ena ankati chimabwera chifukwa chosenza nkhuni zolemera kuchokera kuphiri. Ena ankati chimagwira mkazi amene amameza mkwiyo osamuyankha mwamuna wake. Chifukwa chachiwirichi ine sindinachikhulupirirepo, pakuti agogo anu amayankha, ndipo amayankha bwino.

Ndinawaona koyamba m'tchalitchi cha pa Mishoni. Kwenikweni ndinayamba ndawamva, kuona kunabwera pambuyo. Anali mtsikana wochepa thupi, koma ndiwo ankayambitsa nyimbo kumbali ya amayi, mawu awo n'kumakafika kukhomo osakuwa. Ndinaimba molakwitsa tsiku limenelo, Mulungu andikhululukire, maso anali kwina. Nthawi imeneyo khosi lawo linali losalala. Chotupa chinayamba atabadwa amalume anu a Waisoni, chinakula ngati dzira la nkhuku atabadwa amayi anu, n'kuima pomwepo. Sichinkawawa, ndipo mawu sichinawagwire. Anangophunzira kumanga duku mwa njira yawoyawo, nsonga imodzi yaitali n'kumagwera pakhosi. Pambuyo pake mchere wa m'masitolo anayamba kuuthira ayodini, ndipo obadwa nthawi imeneyo anapulumuka. Taonani makosi anuwo. Koma chotupa chakale sichinabwerere.

Amene sanachizolowere anali Waisoni. Ali mwana anabwera tsiku lina kuchokera kusukulu malaya atang'ambika, mlomo utatupa. Mnzake anamunena kuti amayi ake anameza bango lathunthu, iye n'kumugwetsera m'ngalande. Ine ndinamulangiza za kutembenuza tsaya lina, monga ndinayenera kuchita. Iye anamvetsera mpaka ndinatha, kenako anapita kwa amayi ake n'kuwauza kuti akadzakula adzawapezera mankhwala a pakhosipo. Agogo anu anaseka n'kumupatsa mbatata. Tonse tinaiwala. Mwanayo sanaiwale.

Ndisanapitirire ndikuuzeni za mfutso, chifukwa inu a ndiwo za kudimba chaka chonse mumaunyoza. Iwe Takondwa unati ukununkha utsi. Inde umanunkha utsi, ndiwo ulemerero wake. Kale madimba asanachuluke chonchi, mvula ikamapita kumapeto agogo anu ankathyola nkhwani, khwanya ndi chitambe zodzaza madengu. Ankaziwiritsa pang'ono, n'kuziyanika pamphasa mpaka zitauma gwa, kenako n'kuzikulunga m'masamba a msuku n'kumanga ndi luzi. Chomangacho ndiye chikwatu, ndipo chinkapachikidwa kudenga la khitchini kumene utsi umathamangitsa tizilombo. Dzuwa la chilimwe likaotcha zonse, ankatsitsa chikwatu chimodzi, kutapa mfutso wodzaza manja awiri, kuuviika, n'kuuphika m'madzi omwewo, chifukwa kukoma kumakhala m'madzimo ndipo mkazi wotaya madzi a mfutso ankasekedwa. Akatendera ndi nsinjiro, munthu unkadya mbale yodzaza n'kupempha ina. Amayi oyandikana nafe ankabwera kudzaphunzira kumanga chikwatu kwa agogo anu. Sungani zimenezi m'mutu, muziona ntchito yake posachedwa.

Amalume anu atakula anapita ku Joni monga anyamata ambiri a kuno. Anayendayenda mpaka anakafika kugombe la kufupi ndi Kepitauni, kumene nyanja ndi ya mchere, ndiponso yozizira mwakuti ukaviika phazi limachita dzanzi. Ntchito imene anapeza inali yotola udzu umene mafunde amataya pagombe. Musaganize za ndere zobiriwira za mu mtsinje wa Domasi, zija zimakugwetsani posamba. Uwu ndi wofiirira ngati fodya wouma, tsinde lake lalitali ngati nsungwi ndiponso lobooka m'kati, masamba ake ngati malamba a chikopa. Anatiuza pa foni kuti kumeneko ena amautcha nsungwi za m'nyanja, azungu amati kelepu. Ine nditamva ndinakumbuka mneneri uja anathawa ntchito ya Mulungu n'kumezedwa ndi chinsomba, amene udzu wa pansi pa nyanja unamukulunga kumutu. Malo amenewo ndinali nditawawerenga kawirikawiri ndikuganiza za kaudzu ka kudambo. Tsiku limenelo ndi pamene ndinamumvera chisoni chenicheni mneneriyo.

Chaka china titangokolola chimanga, uthenga unabwera kuti katundu wathu wafika pa Songani ndi anyamata aja amanyamula katundu wa anthu kuchokera ku Joni. Ndinapita panjinga. Munali bulangete, nsapato zanga za kutchalitchi zimene ndimavala mpaka lero, ndi thumba lina lopepuka koma lalikulu, lonunkha ngati usipa wonyowa ndi mvula. Madzulo ake Waisoni anaimba foni. Sanayambe n'komwe ndi moni.

"Amayi, ndawapeza mankhwala aja."

Agogo anu anafunsa kuti mankhwala ati, iye n'kuwakumbutsa za malaya ong'ambika aja. Anati mayi wina kuntchito kwawo anamuuza kuti chithokomiro chimabwera chifukwa chosowa ayodini, ndiponso kuti zakudya zokhala ndi ayodini wambiri ngati udzu umenewu n'zosowa. Zonse ziwirizo zinali zoona, ana inu, ndipo n'chifukwa chake sitinakayike. Anali atasankha yekha masamba abwino, kuwatsuka, n'kuwayanika padenga la malata la kanyumba kamene ankagona. Za muyeso wake sananene kanthu, pakuti iyenso sankadziwa.

Agogo anu anamasula thumbalo, n'kutenga tsamba limodzi, louma, lakuda, lothyoka ukalipinda. Analitembenuza, kulinunkhiza, n'kunena kuti uwutu ndi mfutso basi, kungoti ndi wa kwa eni ake. M'mawa mwake anapita kukathyola masamba a msuku, n'kumanga udzu wonsewo m'zikwatu zokongola, n'kuzipachika kudenga pamodzi ndi za nkhwani. Ndipo anauphika monga mfutso umaphikidwira: wodzaza manja awiri, m'madzi omwe anauviikamo, ndi nsinjiro.

Ine ndinalawa. Unali woterera ngati therere, wa mchere wambiri, wa fungo la nsomba koma nsombayo osaipeza. Ndinathokoza Mulungu chifukwa cha chakudya n'kupempha nyemba za dzulo. Amayi anu anayesa kawiri n'kugonja. Iwe Takondwa unalavula pa chitenje cha agogo ako, ndiye usamadzitame lero kuti ukuufuna. Agogo anu okha ndiwo anapitiriza, pafupifupi tsiku lililonse, mbale yodzaza. Mukuwadziwa mmene alili, kuti ngakhale dzungu limodzi amalidula kuti oyandikana nawo alaweko. Ichi chokha sanagawireko munthu. Ankati awa ndi mankhwala a mwana wanga. Lero ndimati Mulungu ndiye anatseka dzanja lawo lopatsalo, pakuti nyumba yoyandikana nafe munali mayi woyembekezera.

Nyengo yozizira inafika, mphepo ija imatsika kuphiri n'kulowa m'mafupa. Tonse tinali m'majuzi, koma agogo anu ankakhala pakhonde akudzikupiza ndi lichero, thukuta lili kamukamu. Kenako manja anayamba kunjenjemera. Akamapeta mpunga, wina unkatayikira pansi, nkhuku n'kumasangalala. Ankadya kuposa ine, koma thupi linkangotha, chitenje n'kumazungulira kawiri. Anayamba kupsa mtima pa zinthu zazing'ono, iwo amene ankayankha ndi nthabwala. Ndipo mtima wawo, ana inu, unkagunda ngati wa nkhunda ukaigwira m'manja. Unkaoneka ndi maso pakhosi pomwepo.

Lamulungu lina m'tchalitchi anayambitsa nyimbo monga mwa masiku onse, koma mpweya unawathera pakati pa mzere woyamba. Anagwira benchi n'kukhala pansi. Mayi wina anatola nyimboyo n'kupitiriza.

Tinapita kuchipatala chaching'ono. Anayeza malungo, sanawapeze. Anayeza shuga ndi zina za m'magazi, zonse zinali bwino. Anatipatsa tsiku loti tikaonane ndi adokotala kuchipatala chachikulu m'tauni. Tikudikira tsikulo, agogo anu anaonjezera mfutso uja. Ankati mankhwala akamagwira ntchito amayamba avundula thupi, ndiye kuti matenda akutuluka.

M'mawa wina ndikuwerenga Mawu, monga ndimachitira ndisanapite kumunda, ndinafika pa nkhani ya nthawi ya njala, pamene munthu wina anapita kuthengo kukafuna ndiwo za anzake. Anapeza zipatso za chomera chimene sankachidziwa, n'kuzidulira mumphika, ndipo atayamba kudya anazindikira kuti akudya imfa. Nkhaniyo ndinkaidziwa kuyambira ubwana, koma tsiku limenelo ndinaona chimene ndinali ndisanachionepo: munthuyo sanali woipa. Anali wachikondi, anadzaza chovala chake kuti anzake akhute. Ndinatseka Buku, n'kulowa m'khitchini, n'kuyang'ana kudenga. Ndinawerengera m'mbuyo, ndipo ndinaona kuti thukuta lija linayamba zikwatu zija zitapachikidwa.

Ndinawauza agogo anu mofatsa. Anandiyang'ana ngati ndatukwana m'tchalitchi. Anandifunsa ngati ndikutanthauza kuti mwana amene anamuyamwitsa angawatumizire poizoni. Ndinati sindinatero. Anati ndiye ndikhale chete. Ndinakhala chete, koma ndinathyola kachidutswa ka udzuwo n'kukaika m'thumba la jekete.

Tsiku litakwana tinakwera minibasi pa Songani. Adokotala anali mayi wachitsikana, msinkhu wa amayi anu nthawi imeneyo. Anagwira pakhosi, kuwerenga kugunda kwa mtima, kuwauza agogo anu kuti atambasule manja, n'kuona mmene zala zinkavinira. Kenako anafunsa ngati pali mankhwala achikuda amene akumwa, kapena chakudya china chachilendo chimene ayamba miyezi imeneyi.

"Palibe," anatero agogo anu, maso ali pansi. Ndipo kunsi kwa tebulo anandiponda phazi, mwamphamvu ndithu, pa nsapato yatsopano ija.

Ana inu, chikwatirane ine ndinali ndisanawatsutsepo agogo anu pamaso pa mlendo. Za m'nyumba timathera m'nyumba. Koma ndinaona mtsempha uja ukudumpha pakhosi pawo, ndipo ndinapemphera pemphero lalifupi kuposa onse amene ndinapempherapo. Ndinapisa m'thumba n'kuika kachidutswa kaja patebulo.

Adokotala anakanunkhiza, n'kufunsa kumene kachokera ndi mmene timakaphikira. Nditanena za manja awiri ndi madzi osataya, anavula magalasi. Sanatikalipire. Anakoka mpando wawo kufupi ndi agogo anu.

"Agogo, mwana wanu sananame," anatero. "Ayodini alimo zedi m'menemu. Vuto n'lakuti wachuluka kuposa amene khosi lanu lingalandire."

Anatifotokozera pang'onopang'ono. Anati pakhosi pa munthu aliyense pali kachiwalo kamene kamayendetsa liwiro la thupi, ndipo chakudya chake ndi ayodini, koma wochepetsetsa, wonga amene amathira mumchere wa m'sitolo. Ka agogo anu kanakula kalekale chifukwa cha njala ya ayodiniyo, ndipo chotupa chakale chotere chikalandira wambiri mwadzidzidzi chimatha kuyamba kugwira ntchito mopanda mabuleki, thupi lonse n'kumathamanga, mtima n'kutopa. Anati udzuwo pawokha si woipa. Uli ndi michere ina yofunika m'thupi, ndipo kuli maiko kumene anthu amaudya chibadwire. Koma eni akewo amadziwa mitundu yake ndi muyeso wake. Wofiirira wa m'madzi ozizirawu, umene uli ndi ayodini wambiri kuposa ina, amaudya pang'ono, ndipo ofuna kuuchepetsa mphamvu amauviika, kuuwiritsa, n'kutaya madziwo. Anaonjezanso kuti udzu wa m'nyanja umayamwa chilichonse chili m'madzi amene wamera, chabwino ndi choipa chomwe, ngakhale ziphe za zitsulo zochokera kumadoko ndi kumafakitale. N'chifukwa chake wogulitsa kuti anthu adye umayenera kuchokera m'madzi odziwika n'kuyezedwa. Wotola pagombe palibe angaulumbirire.

Anatenga magazi kuti akatsimikize, n'kupereka mapiritsi okhazika mtima pansi. Za udzuwo ananena mosapsatira kuti kwa agogo anu si nkhani yochepetsa, ndi yosiyiratu, apo ayi mtimawo udzawasiya panjira.

Mu minibasi pobwerera agogo anu anakhala kuwindo, nkhope kunja, kuyambira m'tauni mpaka pa Songani. Kunyumba ankandipatsa chakudya ndi madzi osamba monga mwa nthawi zonse, koma mawu anali a moni basi. Mapiritsi ankamwa. Zikwatu zinali pompo kudenga, ndipo ine sindinazigwire, pakuti khitchini si yanga. Tsiku lina ndikuchokera kudimba masana ndinamva fungo lija. Ndinawapeza ndi kamphika kakang'ono kuseri kwa nkhokwe. Anati akungolawa.

Ndinakhala pansi pambali pawo n'kufunsa chifukwa chake. Apa ndi pamene analankhula. Anati bulangete ndi nsapato mwanayo anagula m'sitolo, aliyense angagule. Koma ichi anatola ndi manja ake, m'madzi ozizira amene amang'amba zala, akuganiza za amayi ake. Zaka zinali zitapita osamuona, ngakhale pamaliro a agogo ake sanathe kubwera.

"Chimene ndili nacho cha m'manja mwake ndi chimenechi," anatero. "Ndiye mukuti ndikachitaye kudzala, pamodzi ndi makoko a nthochi?"

Mavesi ndinali nawo ambiri, koma ndinaona kuti si nthawi yake. Ndinangopempha Ambuye kuti andipatse khomo lolowera.

Khomolo linabwera ndi kalongonda. Mukumudziwa, nyemba zazikulu zija zimada bii zikapsa, zimene makolo a agogo anu anabwera nazo kuchokera ku Mozambiki, ndipo a mtundu wawo amazinyadira ngati mbendera. Koma simunaonepo mmene amamuphikira, chifukwa agogo anu amakuthamangitsani tsiku limenelo. Kalongonda amaphikidwa kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka, ndipo madzi ake amatayidwa, kuthira ena, kuwiritsa, kutayanso, mobwerezabwereza. Wochita changu n'kudya wosapsa amasanza, mutu umazungulira, ena amabwebweta ngati amisala. Agogo anu pa nkhani imeneyi saseka ndi munthu.

Tsiku lina akuphika kalongondayo, manja awo sakanatha kunyamula mphika waukulu, choncho anakakamizika kundiitana kuti ndiziwatayira madzi. Ndikutaya madzi akuda aja kuseri kwa nyumba, nzeru inandibwerera, ndipo ndikukhulupirira kuti sinali yanga.

"Amake Waisoni," ndinatero, "tiyerekeze kuti kuli mayi wina ku Kepitauni, mwana wake ali kuno. Mwanayo, chifukwa chowakonda amayi ake, wawatumizira thumba la kalongonda. Mayiyo n'kumuphika ngati nyemba wamba, madzi osataya. Inu mutamupeza mungatani?"

"Ndingamulande mphikawo," anayankha msanga, asanaganize.

"Nanga mwana wakeyo ndi mfiti?"

Anasonkhezera moto nthawi yaitali, ngakhale unali kuyaka bwinobwino.

"Si mfiti," anatero potsiriza. "Sadziwa chabe." Kenako anandiyang'ana cham'mbali, koyamba chichokere kuchipatala. "Mwakhala mukuukonza masiku angati ulaliki umenewu, abusa opanda kolala inu?"

Ndinadziwa kuti akazi anga abwerera. Koma anaika lamulo limodzi, lakuti mwanayo amuuza okha, chifukwa ine ndikanayamba ndi vesi n'kumuopseza.

Lamulungu masana amayi anu anamuimbira foni Waisoni n'kuwapatsira agogo anu. Agogo anu anafotokoza zonse, mopepuka, ngati akunena za mbuzi yolowa m'munda. Kenako tinamva pa foniyo munthu wamkulu akulira ngati mwana wa malaya ong'ambika uja. Anati udzu umene iwo amatola, wina amakadyetsa nkhono za m'nyanja zimene amaweta kumeneko, wina amaugaya kukhala manyowa a m'minda, ndipo anali asanaonepo mnzake wa kuntchito akuudya. Ankangobwereza kuti akanawapha amayi ake.

"Iwe, pukuta mamina," anatero agogo anu. "Ine ndapulumuka kalongonda zaka zonsezi, ndingafe ndi ndiwo za nkhono? Tandiuza bwino. Wati wina amathira m'munda?"

Anati inde, ndipo mbewu zimakondwa nawo.

M'mawa mwake agogo anu anatsitsa zikwatu zonse za udzu uja. Anatenga khasu n'kuyamba kukumba pano, pamene mwakhalapa. Manja ankanjenjemera, ankapuma pafupipafupi, koma nditafuna kuwalandira anandikaniza. Anamasula chikwatu chimodzichimodzi, kufumbata udzuwo, kuusakaniza ndi dothi ndi manyowa a m'khola, n'kusiya kuti uwolerane. Mvula yoyamba itagwa anazula kamtengo ka peyala kamene kanamera kokha kudzala, n'kukadzala pamenepo.

Kuchira sikunabwere tsiku limodzi. Tinapitapita kuchipatala kuja mpaka makondakitala a pa Songani anatizolowera. Thukuta linayamba kuchepa, kenako manja anakhazikika, thupi n'kubwerera pang'onopang'ono. Pa Pasaka wotsatira, m'busa atatchula nyimbo, amayi onse anayang'anana kuti ayambitse ndani. Ndiye ndinamva mawu aja ndinawamva ndili mnyamata, ofooka pang'ono, koma anafika kumapeto kwa mzere n'kulowa wina. Ndinaimbanso molakwitsa tsiku limenelo. Chotupacho chilipobe mpaka lero, mukuchiona, ndipo duku amamangabe mwa njira yawo ija.

Tsono iwe Takondwa, sindikuti mayi wa pa foni yako ndi wabodza pa zonse. Mulungu anaona zonse zimene analenga kuti n'zabwino, ndi za pansi pa nyanja zomwe. Koma ngakhale mkate uja unkagwa kuchokera kumwamba m'chipululu unali ndi muyeso wake, ndipo amene anatola wopitirira n'kusunga anaupeza uli ndi mphutsi. Chakudya cha eni ake chimabwera ndi kaphikidwe kake, ndipo thumba likafika lokha popanda wokuphunzitsa, uyambe wafunsa achipatala. Mayi wa pa foniyo sanagwirepo pakhosi pako, sadziwa ngati uli ndi chotupa kapena ayi. Ayodini amene ukufunika ali kale m'kapulasitiki ka mchere kaja, bola uzikatseka bwino, osakasiya padzuwa monga umachitira. Nkhope yakoyo ndi yosalala kale, unatengera kwa ine.

Ndipo iwe Yamikani, tsopano wadziwa chifukwa chake mtengo uwu sugendedwa. Chaka chilichonse peyala loyamba kupsa ndi la agogo ako. Amalidula pakati, kuwaza kamchere pang'ono, n'kukhala pakhonde kulidya okha, osagawira munthu, ngakhale ine amene ndinataya madzi a kalongonda. Ukawafunsa amati akumwa mankhwala a mwana wawo. Otsalawo ndi anu, mudzadya mpaka kutopa nawo.

Ndi awo akubwera ndi lichero. Dzukani mukawalandire. Za phazi lija musatchule, mpaka lero amati linawaterera.